Mabuku a pa Saka: Nyuzipepala, Mpira ndi Msewu M'mbiri ya Kuwerenga ku Moçambique

Aliyense amene anayendapo m'misewu ya Maputo, Beira, Nampula kapena Tete anawaonapo anthu awa. Amayala saka kapena lona pansi, pafupi ndi sukulu, pamalo odikirira chapa kapena m'mbali mwa msika, n'kundandalikapo mabuku. Pa nyuzipepala amatsindikapo mwala kuti mphepo isaulutse. Pa saka limodzi mungapeze Baibulo, dikishonale yothothoka cikuto, buku la masamu la kalasi 10, kabuku ka malamulo a pamsewu ka ofuna kalata yoyendetsera galimoto, nthano yacikondi yocokera ku Brasil, ndi Desafio wa Lolemba lapitali. Pambali pamaima amuna awiri kapena atatu, manja kumbuyo, akuwerenga mitu ya nkhani osagula, kenako n'kuyamba kukangana za amene ayenera kuphunzitsa ma Mambas.

Ambiri a ife timangodutsa n'kumati awa ndi malonda a munthu wosowa cocita. Timaganiza kuti kwao kwenikweni kwa mabuku ndi ku livraria ya magalasi ndi mashelefu, kapena ku biblioteca ya boma. Koma tikabwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, tipeza kuti zolembedwa zambiri zimene dziko lino limanyadira lero zinayambira pa pepala lochipa, loyenda m'manja mwa anthu, lokhala ndi nkhani za tsikulo kutsogolo ndi za mpira kumbuyo. Wogulitsa wa pa saka ndiye watsala akusunga njira imeneyo. Ife olankhula Cinyanja tili ndi cifukwa cathucathu cofunira kuidziwa mbiriyi, pakuti cilankhulo cathu sicinakhazikikebe pa sakapo.

1908: sitolo ya mabuku ndi nyuzipepala

Makina oyamba osindikizira anafika ku Ilha de Moçambique mu 1854. Coyamba kutuluka m'makinawo cinali Boletim ya boma la atsamunda, yodzaza ndi malamulo ndi zidziwitso za maofesi. Nyuzipepala zimene zinabadwa ndi kufa m'zaka 50 zotsatira, ku Ilha, ku Quelimane ndi ku Lourenço Marques, zinkakamba makamaka za azungu, amalonda ndi mikangano yawo.

Mu 1908 zinthu ziwiri zinacitika ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timauchula Maputo. Sitolo ya mabuku ya Minerva Central inatsegulidwa, ndipo pa Khirisimasi ya caka comweco João Albasini ndi m'bale wake José anatulutsa nyuzipepala ya O Africano. Sitoloyo inkadikira munthu wa ndalama, wodziwa Cipwitikizi, kuti alowe yekha pakhomo. Nyuzipepalayo inkapita kukam'peza munthu kumene ali: kudoko, kunjanji, m'makomboni a nyumba za mabango, mpaka kumigodi ya ku Johannesburg kumene amuna a kumwera ankagwira nchito. Inali ya zilankhulo ziwiri, Cipwitikizi ndi Cironga, monga mmene kabuku kali m'manja mwanuka kalili ka Cipwitikizi ndi Cinyanja. Wodziwa kuwerenga mmodzi ankawerengera anzake ambiri mokweza.

João Albasini sankalemba mabuku akuluakulu. Ankalemba nkhani zazifupi za zimene ankaona ndi maso: cibalo, vinyo woipa amene ankagulitsidwa kwa anthu akuda m'makantini, kusowa kwa masukulu, nkhanza za olemba anthu nchito. Mu 1917 boma litalamula kuti munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati nzika ayambe wapeza cikalata cosonyeza kuti amalemba Cipwitikizi ndipo wasiya miyambo ya makolo ake, Albasini analitsutsa lamulolo poyera m'nyuzipepala. Mu Dezembro 1918 abalewo pamodzi ndi anzawo anayambitsa ina, O Brado Africano, imene inakhalapo mpaka 1974. João anamwalira mu 1922. Buku lokhalo lokhala ndi dzina lake, O Livro da Dor, linatuluka mu 1925, mwini wake ali kumanda. Nchito yake yaikulu inatsala m'masamba a nyuzipepala.

Ndakatulo zopanda buku

Asilikali atalanda boma ku Portugal mu 1926, ndi Salazar atakhazikika pampando, ciliconse cofuna kusindikizidwa cinayenera kudzera m'manja mwa ofufuza a boma, amene ankadula zimene sanazikonde. Komabe m'masamba a O Brado Africano ndimo mmene anthu anayamba kuwerengera ndakatulo za Rui de Noronha, kenako za Noémia de Sousa ndi José Craveirinha.

Za Noémia de Sousa n'zofunika kuzilingalira bwino. Anabadwa mu 1926 ku Catembe, ndipo pafupifupi ndakatulo zake zonse anazilemba pakati pa 1948 ndi 1951, caka cimene anacoka kupita ku Lisboa. Zina zinatuluka m'nyuzipepala, zina anthu ankazitaipa ndi kuziculukitsa okha n'kumapatsirana mobisa. Ophunzira a ku Angola, Cabo Verde ndi São Tomé anazidziwa mwa njira imeneyo. Iye anachuka m'maiko onse olankhula Cipwitikizi alibe buku ndi limodzi lomwe. Ndakatulozo zinasonkhanitsidwa m'buku la Sangue Negro mu 2001, zaka 50 pambuyo pake, ndipo mwini wake anamwalira caka cotsatira. Zikanakhala kuti anthu anadikira sitolo ya mabuku, mibadwo iwiri ikanakula osamudziwa.

Mu 1964 munatuluka mabuku awiri amene ana athu amaphunzira kusukulu lero: ndakatulo za Craveirinha zochedwa Xigubo, ndi nthano zazifupi za Luís Bernardo Honwana, Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Alembi onse awiri anali atolankhani. Posakhalitsa onse awiri anali m'ndende ya apolisi acinsinsi a PIDE, Honwana kuyambira 1964 mpaka 1967, Craveirinha kuyambira 1965 mpaka 1969. M'masiku amenewo buku lotere munthu sankaliika poonekera. Linkayenda m'thumba la jekete, litakutidwa ndi pepala lina.

Tsamba lakumbuyo

Panali tsamba limodzi limene ofufuza a boma sankalivutitsa kwambiri, ndipo ndi limene anthu wamba ankayambira kuwerenga: tsamba la masewera. Kumeneko n'kumene mnyamata wa m'komboni ankatha kuona cithunzi ca munthu wakuda, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zazikulu, pa cifukwa caulemu. Matateu anali ku Belenenses, Mário Coluna anapita ku Benfica mu 1954, ndipo kumapeto kwa 1960 anatsatira Eusébio, mwana wa ku Mafalala wobadwa mu 1942.

Pa mpikisano wa dziko lonse wa 1966 ku England, timu ya Portugal inali ndi ana anayi a ku Moçambique: Coluna amene anali kapitawo, Eusébio, Hilário ndi Vicente. Pa masewera a ku Liverpool, Korea ya Kumpoto inatsogola ndi zigoli zitatu kwa duu, koma Eusébio anamwetsa zinayi yekha ndipo Portugal inapambana 5 kwa 3. Mpikisano wonsewo anamwetsa zigoli 9, kuposa wina aliyense. Boma la Salazar linagwiritsa nchito cimwemwe cimeneco pouza dziko lapansi kuti Portugal ndi mtundu umodzi wopanda tsankho. Koma pa nthawi imeneyo nkhondo yomenyera ufulu inali itatha pafupifupi zaka ziwiri ciyambireni mu Setembro 1964, ku Chai ku Cabo Delgado ndi ku Cóbuè m'mbali mwa nyanja yathu. Mabanja a kunyanja anali atathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Ndipo Craveirinha, mnansi wa Eusébio wa ku Mafalala komweko, anali m'ndende. Nyuzipepala za mu Julho 1966 zinali ndi cithunzi ca mnansi mmodzi, za winayo zinali cete.

Craveirinha mwiniyo sankaona kusiyana pakati pa kulemba ndakatulo ndi kulemba za masewera. Ali mnyamata ankasewera mpira, ankathamanga ndi kumenya nkhonya, ndipo atakhala mtolankhani ankalemba za zimenezo ndi mtima wonse. Cikondi cimeneco cinabereka cipatso ufulu utabwera kale. M'zaka za m'ma 1980 iye anaona mtsikana wa ku Chamanculo akusewera mpira pakati pa anyamata, naona mmene ankathamangira. Anamulimbikitsa kuti ayese mjaha, ndipo mwana wake Stélio Craveirinha, amene anali mphunzitsi wa othamanga, anayamba kumuphunzitsa. Mtsikanayo anali Maria de Lurdes Mutola. Mu 1988, ali ndi zaka 15, anathamanga pa masewera a Olimpiki ku Seoul. Mu 1996 ku Atlanta anatenga malo acitatu pa mamita 800. Pa 25 Setembro 2000, ku Sydney, anapambana mendulo ya golide, yoyamba m'mbiri ya dziko lino, pa tsiku lomwelo limene timakumbukira kuyamba kwa nkhondo ya ufulu. Craveirinha, amene mu 1991 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Camões, anaziona zimenezi ali moyo. Anamwalira mu Fevereiro 2003.

Conco amuna amene amaima pa saka la mabuku n'kumakangana za mpira ali pamalo pawo. Mlakatuli wamkulu wa dziko lino akanaima nawo.

Njira ya kwathu: mishoni ndi malire

Zonsezi n'za kumwera, makilomita oposa 1000 kucokera kwathu. Kunyanja ndi ku Angónia zilembo zinabwera ndi njira ina. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pa cilumba ca Likoma mu 1885, ndipo William Percival Johnson anathera zaka zambiri akuyenda m'midzi ya gombe lakum'mawa, kumene lero kuli maboma a Lago, akumasulira Malemba m'Cinyanja ca kunyanja. Ku Likoma kunali makina osindikizira. Sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inkanyamula aphunzitsi ndi mabuku kucoka doko lina kupita lina, ndipo Messumba inakhala likulu la maphunziro m'dera lonselo. Wansembe wina wa mishoni yomweyi, Yohanna Barnaba Abdallah wa ku Unango, analemba mbiri ya Ayao m'Ciyao, ndipo inasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwake m'Cingerezi.

Boma la Apwitikizi silinakondwere ndi masukulu ophunzitsa m'zilankhulo za anthu. Ku Angónia mishoni ya Dutch Reformed ya ku Mphatso inatsekedwa mu 1922, caka comwe Buku Lopatulika linatuluka tsidya lina la malire. Lamulo la mishoni la 1941 linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa Chalichi ca Katolika, ndipo linanena kuti kusukulu kuziphunzitsidwa Cipwitikizi, zilankhulo zathu zizigwira nchito pophunzitsa cipembedzo cokha. N'cifukwa cake mabuku a Cinyanja olembedwera mbali ino anali katekisimu, nyimbo ndi mapemphero. Ansembe a Cijezuiti, amene anali ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, anatulutsa Dicionário Cinyanja-Português mu 1963, nchito yaikulu ndithu, koma yolembedwera makamaka mlendo wofuna kuphunzira cilankhulo cathu.

Munthu wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Mecanhelas wofuna kuwerenga nthano m'cilankhulo cake ankayang'ana ku Nyasaland. Kumeneko Samuel Josia Ntara anali atalemba kale Nthondo mu 1933, kenako Mbiri ya Achewa. Mabuku otere ankalowa ndi anthu obwera kumaliro, kuukwati, kumsika wa pamalire, kapena ndi machona obwerera kucokera ku Salisbury. Palibe sitolo imene inkawagulitsa. Ankabwerekanidwa mpaka masamba kutha.

Ufulu, bolodi ndi nkhondo

Pa 25 Junho 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse m'dziko lino sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Boma latsopano linasankha Cipwitikizi kukhala cilankhulo cogwirizanitsa mitundu yonse, ndipo kuyambira 1978 linayendetsa nchito yophunzitsa akuluakulu m'mafakitale, m'midzi ndi m'makampu a asilikali, m'Cipwitikizi momwemo. Poti nyuzipepala sizinkafika kutali, m'mabwalo ndi m'malo a nchito munaimikidwa mabolodi a Jornal do Povo, pamene nkhani zinkalembedwa ndi coko kapena kumatidwa kuti odutsa aziwerenga. Amene anakula nthawi imeneyo amakumbukira gulu la anthu litaunjikana pa bolodi, mmodzi akuwerenga mokweza, wina akumasulira. Bungwe la boma la Instituto Nacional do Livro e do Disco linasindikiza mabuku otsika mtengo, ndipo mu 1982 alembi anakhazikitsa bungwe lawo, AEMO.

Zaka zomwezo zinali za kusowa. M'masitolo munalibe sopo, shuga ngakhale makope, ndipo cinthu cikapezeka cinkapezeka pa mzere wautali kapena pa candonga. Koma Apwitikizi amene anacoka mwaliwiro mu 1974 ndi 1975 anasiya mabuku ambiri m'nyumba zawo. Mabukuwo anayamba kuyenda m'manja mwa anthu, ndipo ena akuyendabe. Mukatsegula buku lakale pa saka, nthawi zina mupeza pa tsamba loyamba dzina la mwini wake woyamba, ndi mawu akuti Vila Cabral kapena Vila Coutinho, maina amene Lichinga ndi Ulónguè zinasiya kalekale.

Kenako nkhondo yapaciweniweni inafika m'midzi. Masukulu ambiri anaotchedwa kapena kutsekedwa, aphunzitsi anathawa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anawolokera ku Malawi, ambiri a iwo ocokera ku Tete, Zambézia ndi Niassa. Ana ambiri a kwathu anaphunzira kuwerenga cilankhulo cawo kwa nthawi yoyamba ali othawa kwawo, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza kapena Mangochi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, anabwerera ndi mapoto, mabulangete, ndi timabuku ta Chichewa. Caka comweco Mia Couto, amenenso anayamba ngati mtolankhani, anatulutsa Terra Sonâmbula. M'bukumo mnyamata ndi nkhalamba akubisala m'basi yopsa, napeza makope a munthu wakufa m'sutikesi pambali pa msewu, ndipo usiku uliwonse mnyamatayo amawerengera nkhalambayo mokweza. Amene anapyola m'zaka zimenezo sanafunikire wowamasulira nthanoyo.

Msewu utseguka

Malonda a pa saka monga tikuwadziwira lero anakula kuyambira 1987, boma litayamba ndondomeko ya cuma yochedwa PRE. Katundu anabwerera m'masitolo koma mitengo inakwera kuposa malipiro, ndipo anthu othawa nkhondo anali atadzaza m'mizinda. Misika yosavomerezeka inabuka paliponse. Kumwera anaichula dumba nengue, kutanthauza kuti khulupirira mwendo wako, poti apolisi akafika umayenera kuthawa. Ku Beira anaichula tchunga moyo. Pakati pa zovala za kaunjika, mabatire ndi mafuta ophikira panapezekanso mabuku.

Malamulo atsopano a dziko a 1990 ndi lamulo la atolankhani la 1991 anatsegula khomo la nyuzipepala zosakhala za boma. Mu 1992 gulu la atolankhani, mmodzi mwa iwo Carlos Cardoso, linayambitsa mediaFAX, kanyuzipepala ka masamba ocepa kotumizidwa pa fakisi. Ofesi imodzi inkalipira, koma pepalalo linkajambulidwa pa fotokope n'kufika kwa anthu ambiri, monga mmene ndakatulo za Noémia zinkayendera zaka 40 m'mbuyomo. Savana inatuluka mu 1994. Cardoso anayambitsa ina, Metical, mu 1997, ndipo pa 22 Novembro 2000, patangopita miyezi iwiri cipambanireni Mutola ku Sydney, anaphedwa ndi mfuti mumsewu wa Maputo akufufuza za kubedwa kwa ndalama zambiri m'banki. Ogulitsa nyuzipepala m'misewu ananyamula nkhani zonse ziwiri, yacimwemwe ndi yamaliro, m'manja omwewo.

Kodi wogulitsa wa pa saka amawapeza kuti mabuku? Ambiri amagula kwa ophunzira amene amaliza kalasi ndipo akufuna ndalama ya buku la kalasi yotsatira. Ena amacokera m'nyumba za anthu omwalira, abale akamagawana katundu n'kusowa wofuna mabuku. Ena ndi otayidwa ndi maofesi akamasamuka. Mtengo sulembedwa, umakambidwa, ndipo wogulitsa amayamba wayang'ana nsapato za wogula. Nyengo yake yokolola ndi Janeiro ndi Fevereiro, masukulu akamatsegulidwa. Mdani wake ndi mvula, fumbi, ciswe ndi apolisi a munisipiyo. Ambiri sanapite patali ndi sukulu, koma amadziwa kuti ndi buku liti limene aphunzitsi akufunsa caka cino, ndipo mukawauza dzina la buku limene alibe amakuuzani kuti mubwere Lacisanu.

Tisabise zoipa zake. Pa masaka ena pamapezeka mabuku a sukulu za pulaimale olembedwa pacikuto kuti ndi ogawidwa ulere ndipo kugulitsa n'koletsedwa. Buku lotere likakhala pamsika, ndiye kuti kwinakwake kumudzi ana atatu akupenyera buku limodzi. Pamapezekanso mabuku ojambulidwa pa fotokope, amene mlembi wake salandirapo ngakhale metikale imodzi. Ndipo buku likakhalitsa osagulidwa limathera kwa mayi wogulitsa mtedza wokazinga, masamba ake n'kukhala zokulungira. Izi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti m'maboma ambiri a Tete ndi Niassa mulibe sitolo yogulitsa mabuku a nthano kapena ndakatulo. Mwana wa kumeneko akamva kuti Paulina Chiziane walandira mphoto ya Camões, monga zinacitikira mu 2021, n'kufuna kuwerenga Niketche, kumene angayembekeze kulipeza ndi pa saka kapena kwa mnzake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo.

Cinyanja cili kuti pa sakapo?

Tsopano tiyeni tiwerame tiyang'ane bwino pa saka la ku Ulónguè, ku Zóbuè, ku Mandimba kapena ku Metangula. Ca Cinyanja cimene tipezepo ndi Baibulo, buku la nyimbo, timabuku ta machalichi, ndipo mwamwayi nthano yakale kapena nyuzipepala yocokera ku Malawi. Zonsezi n'zabwino, ndipo abale athu a tsidya lija tiyenera kuwathokoza, pakuti anatisungira cilankhulo pa pepala m'zaka zimene kuno sicinkaloledwa m'kalasi. Koma nkhani zake ndi za Lilongwe ndi Blantyre, ndalama zake ndi makwacha, matimu ake ndi Bullets ndi Wanderers. Za mtengo wa mbatata ku Angónia, za usipa wa ku Meluluca, za malasha a ku Moatize ndi mabanja amene anasamutsidwa, m'Cinyanja mulibe.

Komatu maziko anaikidwa kale. Mu 1988 akatswiri a zilankhulo a pa Universidade Eduardo Mondlane anacititsa msonkhano woyamba wogwirizanitsa kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino, ndipo n'cifukwa cake ife timalemba cinthu, caka ndi nchito pamene a ku Malawi amalemba chinthu, chaka ndi ntchito. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ndipo zilankhulo zimene zinasankhidwa poyesapo zinali Cicangana ku Gaza ndi Cinyanja ku Tete. Mu 2003 maphunziro otere anayamba kulowa m'masukulu a boma m'zigawo zosiyanasiyana. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amanena kuti boma limalemekeza zilankhulo zathu monga cuma ca cikhalidwe ndi maphunziro. Rádio Moçambique imaulutsa mawu m'Cinyanja kucokera ku Tete ndi ku Lichinga. Conco lero kuli anyamata ndi atsikana, ena ndi makolo kale, amene anaphunzira kuwerenga Cinyanja m'kalembedwe ka dziko lawo. Atatseka buku la kalasi, sanapeze cina coti awerenge.

Mu 2017 União Desportiva do Songo inatenga cikho ca Moçambola, koyamba kuti timu ya cigawo ca Tete icite zimenezo. Cimwemwe cinamveka m'Cinyungwe, m'Cisena ndi m'Cinyanja, m'mabala, m'machapa ndi pa wailesi. Koma wofuna kudziwa za tsikulo zaka 50 zikubwerazi adzaziwerenga m'Cipwitikizi cokha. Mawu amene tinakuwa, nthabwala zimene tinaseka, maina amene tinapatsa osewera, zonsezo zinapita ndi mphepo.

Ena anganene kuti nthawi ya pepala yatha, poti nkhani ndi zigoli tsopano zimafika pa foni munthu asanadzuke. N'zoona kuti wogulitsa nyuzipepala wataya makasitomala ambiri. Koma foni yomweyo yatiululira cinthu cina: pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu a kwathu akulemba Cinyanja tsiku ndi tsiku, mosakaniza ndi Cipwitikizi, aliyense ndi kalembedwe kake, za maliro, za mpira, za mitengo ya feteleza. Olemba alipo, owerenga aliponso. Cimene cikusowa ndi colembedwa cokhalitsa, coti mwana angacipeze pakapita zaka osafuna megabaiti kapena magetsi.

Mbiri imene tayendamoyi ikutipatsa malangizo osavuta. Albasini sanadikire kuti alembe buku lalikulu. Analemba za doko ndi za kantini, m'zilankhulo ziwiri, pa pepala lochipa. Noémia sanadikire wosindikiza. Craveirinha sanacite manyazi kulemba za mpira ndi za othamanga. Ifenso tiyambire pomwepo. Mphunzitsi wa ku Domué alembe masamba anayi a mmene msika wa pamalire unayambira. Msodzi wa ku Cóbuè afotokozere mdzukulu wake maina a mphepo za panyanja, mdzukuluyo alembe. Wokonda mpira alembe za masewera a Lamlungu lapitali pa bwalo la fumbi la m'boma lake, ndi maina a omwetsa zigoli. Mabungwe a cikhalidwe ngati lathuli asonkhanitse zimenezi, asindikize timabuku tating'ono pa mtengo woti wophunzira angakwanitse, ndipo asatitsekere m'kabati ya ofesi kudikira tsiku la cikondwerero. Atipereke kwa ogulitsa a pa saka, agwirizane nawo za phindu, pakuti iwo ndiwo amadziwa pamene owerenga amadutsa.

Inunso amene mwawerenga kabuku aka, mukamaliza musakasunge pansi pa matiresi. Mupatseni mnansi wanu, kapena muwerengereni agogo amene maso anayamba kuvuta. Kakathaitha, kakada ndi zala za anthu ambiri, ndipo tsiku lina mukakapeza pa saka pafupi ndi msika katatsindikidwa ndi mwala, pakati pa dikishonale ndi nyuzipepala ya mpira, mudzafunse mtengo wake.